Lachinayi mu Wodi ya Impso ku Izmir

Lachinayi lililonse, ikamakwana eyiti koloko usiku,
ndimazimitsa nyali ziwiri za kukhomo
n'kukweza mawu a kanema wopachika pakhoma.
Odwala anga asanu ndi mmodzi agona chagada,
aliyense mkono wake womangidwa ku makina,
magazi akutuluka, kusefedwa, kubwerera.
Maola anayi. Palibe wothawa.

M'sewerolo muli mkazi wotsekeredwa m'chipinda chapansi.
Anamutsekera ndi mlamu wake yemwe,
amene masana amalira maliro ake pagulu,
usiku n'kumamutsitsira buledi pa chingwe.
Gawo la makumi atatu tsopano,
dzuwa sanalionebe.

Bambo Cevdet, amene anakalambira pa sitima
zoolotsa anthu kupita ku Karşıyaka,
amatukwana mpaka makina kulira.
"Foloko ija anabisa m'tsitsi akuisungira chiyani?
Pakhosi basi!"
Ndimathamanga kukawawongola mkono, singano ingatuluke.
Akuti ndisawaime kutsogolo.

Gülizar ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi.
Amaonera m'mipata ya zala,
akuti mlamuyo mwina asintha,
maso ake si a munthu woipa.
Wodi yonse imamukuwiza.
Iye amaseka, n'kukokera bulangete mpaka pamphuno.

Tayfun wa takisi ntchito yake n'kutola zolakwa:
loko wotere amatseguka ndi waya,
munthu wosaona dzuwa sakhala ndi masaya otero,
nanga zikhadabo amamuwenga ndani?
Koma tsiku lomwe anamuwerengera mkaziyo kalata yabodza
yoti mwana wake wamuiwala,
ndinamuona Tayfun akupukuta maso ndi phewa,
poti dzanja lina lili ku makina,
lina lagwira tiyi amene dokotala anamuletsa.

Mayi Nermin okha salankhula.
Bedi lawo ndi la pawindo.
Mlongo wawo anawalonjeza impso,
anayezetsa, zinagwirizana,
iwo n'kusainira kuti munda wa azitona wa ku Urla ukhale wake.
Tsiku la opaleshoni foni yake inali yozima.
Papita zaka zisanu ndi ziwiri.
Izi ndinamva kwa mwana wawo, m'khonde, monong'ona.

Gawo lomaliza linafika mvula ikugwa.
Chitseko chinatseguka.
Mkazi uja anakwera masitepe akudziphimba kumaso,
foloko m'manja.
Mlamu anagwada.
Bambo Cevdet anadzuka theka, machubu akugwedera.
Mkaziyo anamuyang'ana, kumuyang'ana,
anaika foloko patebulo,
n'kutuluka, chitseko osatseka.

Phokoso lake!
"Miyezi isanu ndi itatu atidyera nthawi!"
Tayfun akuti olembawo anangotopa.
Gülizar akulira, osadziwa kuti akulirira ndani.
Makina atatu akukuwa nthawi imodzi,
namwino ndine ndekha.

Nditafika pa bedi la pawindo kudzachotsa singano
Mayi Nermin anali akuyang'anabe kanemayo,
pomwe tsopano ankatsatsa sopo wochapira.
Ndinapanikiza thonje pabala.
"Anama," anatero.
Ndinadikira.
"Akakutsegulira suyenda choncho, mowongoka.
Umaima kaye pakhomopo.
Umafuna akuuze chifukwa chake."

Ndinamata pulasitala.
Anapempha chikwama chawo, anatulutsa foni,
nambala ija ikadalimo,
chala chinaima pamwamba pake
kwa nthawi yoti munthu n'kumwa madzi,
n'kuibwezera m'chikwama.

"Loweruka?" anafunsa.
"Loweruka, nthawi yomweyi."
Kunja, basi ya chipatala inali italiza kale hutala kawiri.